Kodi Chiefs ikupambana ndi luso kapena ndi mwayi chabe?

Wogulitsa zitsulo za njinga, Nchalo

Abale anga amene mumatsata mpira wa ku America kuno ku Chigwa cha Shire, ngakhale ndikudziwa kuti ndife owerengeka, ndabwera ndi funso loti tithandizane maganizo. Ligi ya NFL ya 2024 yamaliza sabata yake ya 14, ndipo matimu awiri, Kansas City Chiefs ndi Detroit Lions, apambana masewero 12 aliyense n'kugonja kamodzi kokha. Pa mndandanda wa ligi akuoneka ofanana, koma munthu amene wawaonera akudziwa kuti kapambanidwe kawo n'kosiyana kutalitali.

Ine ndimachemerera Chiefs kuyambira pamene quarterback wathu Patrick Mahomes, amene ndi woponya mipira ndi kutsogolera timu pofuna kugoletsa, anatenga chikho chake choyamba cha Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa ligi, mu Febuluwale 2020, koma chaka chino mtima wanga sukukhala m'malo. Mwa masewero 12 amene tapambana, 10 tapambana ndi kusiyana kosapitirira mapointi 7, kutanthauza kuti touchdown imodzi ya adani (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) ikanatha kusintha zonse. Mpaka pano sitinadutsepo mapointi 30 m'masewero alionse, chonsecho timuyi inkadziwika ndi kugoletsa mopanda chisoni.

Tiyeni tikumbutsane mmene zayendera. M'masewero otsegulira ligi pa 5 Seputembala, Baltimore Ravens inaoneka ngati yapeza touchdown pa sekondi yomaliza, koma ataonanso pa kanema anapeza kuti chala cha phazi la Isaiah Likely chaponda mzere wakunja, ife n'kupambana 27-20. Pa 10 Novembala, Denver Broncos inangotsala ndi kumenya field goal (kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa zitsulo) ya mayadi 35 kuti itigonjetse, mtunda umene omenya a mu ligi imeneyi salephera kawirikawiri, koma Leo Chenal wathu anabowola mzere woteteza womenyayo n'kuutchinga mpirawo m'mwamba, masewero n'kuthera 16-14. Pa 29 Novembala, Las Vegas Raiders, imene inali itapambana kawiri kokha chaka chonse, inali itafika kale pamtunda womenyera field goal yopambanira, koma wapakati wawo, amene amayambitsa sewero popereka mpira kwa quarterback, anaupereka quarterback asanakonzeke, mpira n'kugwa pansi, Nick Bolton wathu n'kuugwera. Ndipo Lolemba lapitali, kuno kutacha kale, anthu akudutsa ndi makasu kupita kumunda, field goal ya womenya wathu Matthew Wright inathetsa masewero, mpira unamenya chitsulo chakumanzere n'kugwera mkati, tikugonjetsa Los Angeles Chargers 19-17.

Anzanga a pamsika pano, amene amangodziwa ligi ya ku England, ndikawafotokozera zimenezi amaseka n'kumati timu yangayo ili ndi sing'anga wake. Ine sindiseka nawo, chifukwa tsiku limene tinakumana ndi timu yolimba kwawo, Buffalo Bills pa 17 Novembala, tinagonja 30-21, quarterback wawo Josh Allen atathamanga yekha mayadi 26 n'kukatsiriza nkhani yonse.

Funso langa ndi ili: kodi kupambana kwa mtundu umenewu kukusonyeza timu yodziwa kumaliza masewero, kapena ndi mwayi umene udzatithere mu Januwale ndime ya chipulula ikayamba? Palibe timu imene inatengapo Super Bowl katatu motsatizana, ndipo ife tili ndi mpata umenewo pa 9 Febuluwale ku New Orleans. Kodi ndiyembekezere, kapena ndiyambiretu kuukonzekeretsa mtima?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ngabu

Achimwene a ku Nchalo, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi mbali imene simuikonda. Mbiri ya ligi imeneyi siikomera matimu opambana movutikira chotere. Mu 2022, Minnesota Vikings inapambana masewero 13 n'kugonja 4, ndipo masewero onse 11 amene anathera pafupi inawapambana, koma mukaphatikiza mapointi a chaka chonse, adani ake anagoletsa ambiri kuposa iyo. Itangolowa m'chipulula inatuluka tsiku loyamba lomwelo, pakhomo pake, itagonja 31-24 kwa New York Giants. Chaka chatha Philadelphia Eagles inafika pa 10-1 m'njira yofanana ndi imeneyi, kenako inagonja masewero asanu mwa asanu ndi limodzi omaliza, n'kukaphedwa 32-9 ku Tampa Bay. Choncho mantha anuwo ali ndi pogwira.

Komabe ine sindiika Chiefs m'gulu limenelo, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukayang'ana mphindi ziwiri zomaliza mosamala, osangoyang'ana sekondi yomaliza yokha. Tengani masewero a Lolemba aja. Anthu akukamba za chitsulo, koma chimene chinapambanitsa timu ndi choti Mahomes analandira mpira akutsalira ndi pointi imodzi, n'kuuyendetsa pang'onopang'ono, kuponyera wowakha mipira Travis Kelce pamalo ofunika, mpaka wotchi inatha mpira uli m'manja mwake. Justin Herbert, quarterback wa Chargers, sanaugwirenso. Chimodzimodzi ku Carolina pa 24 Novembala, mapointi atafanana 27-27, anathamanga yekha mtunda wautali n'kusiyira womenya ntchito yapafupi nthawi itatheratu. Mwayi ungakupatseni chitsulo kamodzi, koma sungakuwerengereni wotchi sabata ndi sabata. Amene timasewera bawo pansi pa mtengo timamudziwa mkulu amene amaoneka ngati akungotaya njere masewero onse, koma amakhala atawerenga kale pamene dzanja lomaliza lidzagonere. Andy Reid, kochi wa Chiefs, ndi mkulu wa mtundu umenewo.

Chachiwiri, tisaiwale anthu amene timuyi yakhala ikusewera opanda iwo. Marquise Brown anavulala ligi isanayambe. Isiah Pacheco anathyoka fupa la mwendo m'sabata yachiwiri ndipo wangobwerera kumapeto kwa Novembala. Rashee Rice, amene anali wowakha mipira wodalirika kwambiri, anavulala bondo m'sabata yachinayi atawombana ndi Mahomes yemwe pamene ankathamangitsa mdani wolanda mpira. Ndiye chifukwa chake anaitananso Kareem Hunt, n'kukagula DeAndre Hopkins ku Tennessee mu Okutobala. Ngakhale womenya field goal amene munamuona Lolemba ndi wachitatu chaka chino, Harrison Butker ndi Spencer Shrader atavulala. Timu imene yataya anthu otere n'kukhalabe pa 12-1 yanyamulidwa ndi otchinga ophunzitsidwa ndi Steve Spagnuolo, ndi Chris Jones pakati pawo, ndipo otchinga abwino ndi chuma chimene chimagwira ntchito ngakhale kunja kukuzizira mu Januwale.

Kumbukiraninso kuti chaka chatha timu yomweyi inamaliza ligi pa 11-6, itagonja kwa Raiders pakhomo pake tsiku la Khirisimasi, anthu ambiri n'kuiika m'manda. Inakapambana ku Buffalo 27-24, ku Baltimore 17-10, kenako inagonjetsa San Francisco 49ers 25-22 m'nthawi yowonjezera ku Las Vegas. Anthu amenewa anazolowera kusewera pang'onopang'ono mu Disembala n'kudzuka mu Januwale.

Ngati mukufuna chinthu choti muzidera nacho nkhawa, ndikupatsani chimodzi, ndipo si mwayi ayi. Ndi malo a left tackle, munthu amene amateteza Mahomes kumbali imene iye saona akamaponya. Anayamba ndi Kingsley Suamataia, anamuchotsa. Anaika Wanya Morris, nayenso zinamuvuta. Analemba D.J. Humphries, amene wavulala m'masewero ake oyamba. Carolina inamugwetsa Mahomes kasanu, Raiders kasanunso. Mu Febuluwale 2021 Tampa Bay inatenga chikho 31-9 pa chifukwa chomwechi, Mahomes akungothawa uku ndi uku opanda womuteteza. Bowo limeneli likapanda kutsekedwa, timu yokhala ndi anyamata amphamvu kutsogolo idzalipeza.

Namwino, Nsanje

Bambo a ku Ngabu, mwalankhula mwaukulu, ndipo za left tackle ndikugwirizana nanu kwathunthu. Koma mundilole nditsutse pang'ono, popeza ine ndine wa Detroit Lions ndipo zimandiwawa kuona matimu awiriwa akuikidwa pa sikelo imodzi.

Inu mwasankha mphindi zimene Mahomes anaonetsa nzeru, koma achimwene a ku Nchalo anatchula zina zimene iye analibe nazo mbali ngakhale pang'ono. Pamene wapakati wa Raiders ankapereka mpira nthawi isanakwane, Mahomes anali ataima kunja kwa bwalo. Pamene chala cha Likely chinkaponda mzere, Andy Reid sanawerenge kanthu. Masewero awiriwo atapita mbali ina, limodzi ndi a Denver, lero bwenzi Chiefs ili pa 9-4 ndipo bwenzi tikukamba za quarterback amene pofika kumapeto kwa masewero ake asanu ndi limodzi oyamba anali ataponya ma touchdown 6 n'kulandidwa mipira 8. Luso lilipo, sindikana, koma mwayi nawonso wadya nawo m'mbale imeneyo.

Tsono taonani timu yanga. Tinagonja kwa Tampa Bay 20-16 m'sabata yachiwiri, ndipo kuchokera pamenepo tapambana masewero 11 motsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya timuyi. Dallas tinaikwapula 47-9 kwawo, Tennessee 52-14, Jacksonville 52-6. Pa 30 Seputembala quarterback wathu Jared Goff anaponya mipira 18 polimbana ndi Seattle ndipo yonse 18 inawakhidwa. Ngakhale tsiku limene zinamuvuta ku Houston, atalandidwa mipira isanu, timu inabwerera kuchokera kumbuyo n'kupambana 26-23, Jake Bates atamenya ma field goal a mayadi 58 ndi 52. Mphamvu yathu ili pa anyamata akuluakulu a mzere wakutsogolo, monga Penei Sewell ndi Frank Ragnow, amene amatsegulira njira David Montgomery ndi Jahmyr Gibbs, wina wogunda, wina waliwiro.

Masewero a Green Bay Packers ndinawaonera pa foni m'bandakucha wa Lachisanu, nditakhala pakhonde chifukwa m'nyumba simunkakhalika ndi kutentha, udzudzu ukundizungulira miyendo. Mapointi anali 31-31, kutatsala masekondi 43, ife tili pa fourth down, mpata womaliza mwa mipata inayi imene timu imapatsidwa kuti iyende mayadi 10, titatsala ndi yadi imodzi. Kochi wina aliyense akanatumiza womenya kuti atenge mapointi atatu. Kochi wathu Dan Campbell anakana, chifukwa sanafune kusiyira Jordan Love, quarterback wa Packers, nthawi yobwezera. Goff anapondedwa phazi ndi mnzake, n'kuyamba kugwa, koma anatambasula dzanja akugwa chomwecho n'kupereka mpira kwa Montgomery, amene anayenda mayadi 7. Tinadikira wotchi ithe, Bates n'kumenya, 34-31. Usiku umenewo Campbell anayesa fourth down kasanu ndipo zinatheka kanayi. Kamodzi kamene zinakanika kanali m'dera lathu lomwe ndipo Packers inagoletsa posakhalitsa. Ena amati munthuyu ndi wosasamala. Ine ndimati amadziwa kuti otchinga ake atha, choncho amasankha kuti masewero athere m'manja mwa anyamata amene akadali bwino.

Ndipo apa ndi pamene pali chisoni changa, ngati munthu amene amaona mafupa othyoka kuntchito. Wotchinga wathu Aidan Hutchinson anali atagwetsa ma quarterback kuposa wina aliyense mu ligi pamene anathyoka mafupa onse awiri a mwendo ku Dallas pa 13 Okutobala. Alex Anzalone anathyoka mkono. Malcolm Rodriguez anavulala bondo pa masewero a Thanksgiving. Tinagula Za'Darius Smith ku Cleveland, koma munthu mmodzi sangatseke mabowo onse. Kuwonjezera apo, Minnesota ili pa 11-2 m'gulu lathu lomwe, ndipo tidzakumana nayo sabata yomaliza, moti n'zotheka timu yopambana masewero 14 kukayamba chipulula koyenda.

Achimwene a ku Nchalo, inu mukudandaula muli ndi zikho zitatu m'zaka zisanu. Ife tinatenga ukatswiri komaliza mu 1957, sitinafikepo pa Super Bowl, mu 2008 tinagonja masewero onse 16, ndipo Januwale wapitayu tinkatsogola 24-7 popita kopumula ku San Francisco koma tinagonja 34-31. Nkhawa yanuyo ndingaigule lero lomwe.

Wophunzira zaulimi, Bangula

Akuluakulu nonse, ine ndayamba kutsata masewerowa posachedwapa, choncho mundikhululukire ngati funso langa lili lachibwana. Pa intaneti anthu ambiri akunena kuti oyimbira amakondera Chiefs, ndipo amatchula masewero a Cincinnati Bengals a mu Seputembala, pamene Chiefs inali pa fourth down itatsala ndi mayadi 16, mpira osawakhidwa, koma woyimbira n'kuponya kansalu kachikasu ponena kuti wotchinga anagunda wowakha mpira usanafike. Zitatero Butker anamenya mayadi 51, masewero n'kuthera 26-25. Kodi zimenezi zili ndi umboni, kapena ndi kulira kwa ogonja?

Chinanso, ndikudabwa kuti nonse mukukamba ngati matimu alipo awiri okha. Philadelphia Eagles inayamba 2-2 ndipo tsopano yapambana masewero 9 motsatizana, kuphatikizapo kukagonjetsa Ravens 24-19 ku Baltimore. Saquon Barkley, amene New York Giants inamulola kuchoka, anathamanga mayadi 255 polimbana ndi Los Angeles Rams pa 24 Novembala, ndipo wadutsa kale mayadi 1,600 kutatsala masewero anayi, moti mbiri ya Eric Dickerson yothamanga mayadi 2,105 m'chaka chimodzi, ya mu 1984, ikutchulidwanso. Ndinamuona akudumpha munthu wa Jacksonville chambuyo, nsana uli kutsogolo, ndipo ndinabweza kanemayo mpaka bandulo inandithera. Bambo a ku Ngabu anati timu ya anyamata amphamvu kutsogolo idzapeza bowo la Chiefs. Kodi timu imeneyo si iyi, imene otchinga ake akuphunzitsidwa ndi Vic Fangio?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ngabu

Mwana wanga wa ku Bangula, funso lako si lachibwana. Pa za Bengals, ukaonanso kanemayo modekha upeza kuti wotchinga uja anafikadi pamsana pa Rashee Rice mpira usanafike, ndipo lamulo limaletsa zimenezo posayang'ana kuti ndi mphindi yoyamba kapena yomaliza. Chimene chimachitika n'choti Chiefs imasewera masewero ambiri oonetsedwa paokha usiku, dziko lonse likuyang'ana, ndipo ambiri mwa iwo amathera pafupi, choncho chigamulo chilichonse chowakomera chimakumbukiridwa pamene zowapweteka zimaiwalika. Oyimbira amalakwitsa, zimenezo n'zoona, koma sindinaone chondikhutiritsa kuti amalakwitsira mbali imodzi mwadala.

Tiyeneranso kudziwa kuti ligi imeneyi inapangidwa kuti masewero azithera pafupi. Matimu onse 32 ali ndi malire ofanana a ndalama zolipira osewera, amene mu 2024 anali madola 255.4 miliyoni, ndipo timu yothera pansi ndiyo imayamba kusankha achinyamata ochokera m'makoleji chaka chotsatira. Palibe kutsika ligi. Choncho kusiyana kwa timu yapamwamba ndi yapansi n'kochepa kuposa mmene tinazolowera ku mpira wa miyendo, ndipo si zachilendo kuti Carolina ivutitse Chiefs, monganso inavutitsira Eagles yakoyo Lamlungu lapitali, pamene inagonja 22-16 itatsala pang'ono kugoletsa kumapeto.

Pa za Eagles wanena zoona, ndipo ine ndimaiopa kuposa Detroit, mayi a ku Nsanje andikhululukire. Timu yothamanga ndi mpira imasunga Mahomes kunja kwa bwalo, ndipo timu imene ingagwetse quarterback ndi anthu anayi okha imatsala ndi asanu ndi awiri otseka njira za mpira. Detroit ili ndi choyambacho, koma chachiwiricho chinachoka ndi mwendo wa Hutchinson.

Mayi, mfundo yanu ya 9-4 ndaimva ndipo ndikuilandira theka. Mpira wa Raiders uja unali mphatso, sindingakane. Koma wa Denver sunali mphatso, chifukwa kutchinga field goal ndi chinthu chimene amakonzekera pa masewero oyeserera, atawerenga mbali yofooka ya mzere wa adani.

Wogulitsa zitsulo za njinga, Nchalo

Zikomo nonse, makamaka inu mayi a ku Nsanje, amene mwandikumbutsa kuti pali ena odikira kuyambira 1957. Sindinganene kuti mtima wakhala pansi, koma tsopano ndikudziwa choti ndiziyang'ana.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pano ndi ndandanda imene yatsala. Tapambana kale gulu lathu la AFC West kachisanu ndi chinayi motsatizana, koma mwa matimu 7 olowa m'chipulula mbali yathu, ndi yoyamba yokha imene imapuma sabata yoyamba n'kusewera masewero ake onse pakhomo. Buffalo ili pa 10-3, ndipo tikadzafanana nayo idzakhala pamwamba chifukwa inatigonjetsa. Ife tikusewera katatu m'masiku 11: ku Cleveland pa 15 Disembala, ndi Houston pa 21, kenako ku Pittsburgh tsiku la Khirisimasi. Ku Cleveland kuli Myles Garrett, ku Houston kuli Will Anderson ndi Danielle Hunter, ku Pittsburgh kuli T.J. Watt ndi Alex Highsmith, onse akatswiri ogwetsa ma quarterback. Bowo limene bambo a ku Ngabu analitchula liyesedwa katatu chaka chisanathe, ndipo ngati Andy Reid angasunthire Joe Thuney, mmodzi wa oteteza Mahomes pa mzere wakutsogolo, kumalo amenewo, ine sindidzadandaula.

Lamlungu likubwerali masewero athu ayamba 8 koloko usiku nthawi yathu ino, ndipo a Detroit ndi Buffalo, komanso a Eagles ndi Steelers, ayamba 11:25. Kwa usiku umodzi wokha ndikhala wa Lions pamodzi ndi inu mayi, popeza Buffalo ikagonja ife tidzapumako. Amene muli pafupi ndi Nchalo ndipo mukufuna tionere limodzi, mundiuze pano lisanafike Loweruka, kuti ndidziwe mipando yoti ndibwereke komanso nditchajiretu batire ngati magetsi angazime.